Mpweya Nawo Umakwera Minibasi

Pali funso limene amayi ambiri amakhala nalo kukhosi akakhala pabenchi ya chipatala mwana ali pamiyendo, koma amachita manyazi kulitulutsa. Mwana wadwala malungo masiku atatu. Tsopano akupuma wefuwefu ngati wathamangitsidwa ndi galu, chonsecho wangogona. Adokotala amutsegula chikope, amutambasula chikhatho, amubaya chala, kenako akuti: "Mayi, mwanayu magazi amuchepera, thupi lake likusowa mpweya." Mpweya? Mawindo ali otsegula, mphepo ikuwomba mpaka makatani akuvina, ndipo mwanayo ndi amene akupuma kwambiri kuposa aliyense m'chipindamo. Ndiye mpweyawo ukusowa bwanji?

Munthu wa ku Neno sayenera kuvutika nalo funso limeneli, chifukwa yankho lake amaliona ndi maso. Kwerani kwa Dambe nthawi yokumba mbatatesi, mvula isanatsanzike. Matumba ali mbwee m'mphepete mwa msewu. Tsiku lomwelo ku Blantyre okazinga tchipisi akudandaula kuti mbatatesi yasowa, mtengo wakwera. Mbatatesi ilipo, ogula alipo, koma lole yatitimira m'matope pena pake pamtsetse. Mbewu imene sinafike kwa woifuna ili ngati sinalimidwe n'komwe. Mpweya umene uli m'mapapo mwa mwana uja ndi matumba a m'mphepete mwa msewu. Chasowa ndi wonyamula.

Ogula ake ndi maselo, tizidutswa tamoyo tosaoneka ndi maso timene tinamanga thupi lonse ngati njerwa. M'selo lililonse muli kamoto kopanda lawi, kamene kamawotcha nsima imene tinadya kuti tipeze mphamvu ndi kufunda. Ndipo moto mukuudziwa: mbaula ikayamba kuzilala mumaikupiza ndi mbale, mukaivindikira imazima. Chimene moto umafuna mumphepo ya mbaleyo ndi mpweya wa okosijeni. Mumpweya umene timapuma, okosijeni ndi magawo 21 okha mwa 100 alionse. Wogula wosaleza mtima kuposa onse ndi ubongo. Kulemera kwake sikupitirira magawo 2 mwa 100 a thupi, koma umadya okosijeni wokwana gawo limodzi mwa magawo asanu. Magazi akasiya kufika kumeneko, pamasekondi 10 munthu wagwa kale, ndipo pakadutsa mphindi zochepa ubongo umayamba kuonongekeratu. Ngongole kumeneko kulibe, nkhokwe kulibe.

Katundu amapakiridwa m'mapapo. Amene anasendapo mbuzi akudziwa kuti mapapo ndi ofewa ngati siponji ndipo mukawaponya m'madzi amayandama. Chifukwa chake n'choti m'kati mwake ndi timatumba ta mpweya tokhatokha, toposa 300 miliyoni mwa munthu wamkulu. Kathumba kalikonse kakulungidwa ndi timitsempha ta magazi, ndipo khoma lolekanitsa mpweya ndi magazi ndi lopyapyala koti khungu la anyezi ndi chikopa cha ng'ombe. Palibe amene amakankha okosijeni kuti awoloke khomali. Amangochoka pamene wathithikana kupita pamene wachepa, monga anthu amasefukira pabwalo m'tchalitchi mukadzaza.

Vuto n'lakuti okosijeni sagwirizana kwenikweni ndi madzi. Shuga mukamuthira mu tiyi amasungunuka yense, koma okosijeni amasungunuka pang'ono zedi. Amene amayenda wosungunuka m'madzi a m'magazi sakwana n'komwe magawo 2 mwa 100 a amene thupi limalandira. Amenewo ndi oyenda pansi. Ena onse amakwera galimoto.

Magalimotowo ndi maselo ofiira a magazi. Mukadontho kamodzi muli mamiliyoni. Selo lililonse muliyerekeze ndi minibasi, ndipo m'kati mwake muli mizere ya mipando yotchedwa himogulobini, pafupifupi 270 miliyoni m'selo limodzi. Mzere uliwonse umakhala okosijeni anayi. Inde, anayianayi, ngati m'minibasi ya pa Zalewa, kungoti kondakitala wa kuno sapanikiza wachisanu ngakhale mutamuchonderera. Mpando uliwonse ndi kachidutswa ka ayironi, chitsulo chenichenichi, ndipo ndi pamenepo pamene okosijeni amagwira. Mipando ikadzaza magazi amafiira kuti psuu. Okwera akatsika amaderako. N'chifukwa chake magazi otengedwa pamkono kuchipatala amaoneka akuda pang'ono. Sikuti ndi oipa ayi, ndi obwerera.

Chimene chimandisangalatsa ndi khalidwe la okwerawa, chifukwa ndi lathu lomwe. Minibasi yopanda munthu palibe amene amafuna kuyamba kuikwera. Oitanira amachita kusasa mawu, ena mpaka kukhalamo okha kuti ioneke ngati yatsala pang'ono kunyamuka. Koma akangokhalamo awiri atatu, otsalawo amalimbirana chitseko. Himogulobini ndi chimodzimodzi. Okosijeni woyamba amavuta kukhala, koma akangokhala, mzere wonse umasintha kaimidwe ndipo wachiwiri, wachitatu ndi wachinayi amalowa mosavuta. Potsikanso, mmodzi akayamba anzake amamasuka. Mwa njira imeneyi minibasi imachoka m'mapapo itadzaza tho, ngakhale kuti pasitejipo imaima nthawi yosakwana sekondi imodzi.

Maminibasi amenewa anawachotsa chilichonse chosafunika, ngakhale phata limene maselo ena amakhala nalo pakati, kuti malo onse akhale a mipando. Motero sangadzikonze okha akayamba kutha. Amayenda masiku pafupifupi 120, kenako kapamba ndi chiwindi zimawaphwasula. Ayironi satayidwa. Amabwezedwa ku mafuta a m'mafupa, kumene maminibasi atsopano oposa 2 miliyoni amatuluka sekondi iliyonse. Fupa limene mumaswa kuti muyamwe za m'kati, dziwani kuti mukuyamwa fakitale.

Apa fanizo langa latsimphina pang'ono, ndivomere. Maminibasi a m'magazi alibe injini. Amangotengedwa ngati bwato losapalasa pa Shire. Chimene chikuyenda ndi msewu womwewo, ndipo wouyendetsa ndi mtima.

Mtima muuyerekeze ndi mjigo. Ndi mnofu waukulu ngati nkhonya ya mwini wake, wa zipinda zinayi, koma kunena zoona ndi mijigo iwiri yomatidwa pamodzi. Wakumanja umalandira magazi obwerera n'kuwaponya ku mapapo, pafupi pomwepa. Wakumanzere umalandira magazi odzaza okosijeni kuchokera ku mapapo n'kuwaponya thupi lonse, kuyambira kuliwombo mpaka kuchala chakuphazi, ndipo khoma lake ndi lochindikala chifukwa ulendo wake ndi wautali. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5, kachigubu ka mafuta ophikira kaja. Atangokhala pansi osachita kanthu, mtima umazunguliza malita 5 onsewo pamphindi imodzi. Werengani nokha: patsiku ndi malita 7,200, kapena kuti zigubu 360 za malita 20. Mudzi uti umene mjigo wake umatunga zigubu 360, usana ndi usiku, zaka 70, wosaitanitsa mmisiri? Pa tsiku limodzi mtima umagunda maulendo pafupifupi 100,000.

Komiti iliyonse ya mjigo ikudziwa kuti chinsinsi chili pa mavavu ndi marabala. Vavu imalola madzi kukwera koma imakana kuti abwerere. Ikatha, mumapopa mpaka mapewa kuwawa, madzi akungodontha. Mtima uli ndi mavavu anayi, ndipo kugunda kumene adokotala amamvetsera pachifuwa ndi phokoso la mavavuwo akamatseka. Pali matenda amene amadya mavavu amenewa mwakachetechete, ndipo amayamba ndi chinthu chimene timachipeputsa: zilonda za pakhosi mwa mwana. Tizilombo tina toyambitsa zilondazo tikapanda kuphedwa ndi mankhwala, chitetezo cha thupi chimasokonezeka n'kuyamba kuluma mavavu a mtima wake womwe. Pakatha zaka, mnyamata wa zaka 15 akulephera kukwera chitunda chopita kusukulu, miyendo yatupa, usiku akugona chokhala. Kuyambira 2018, pachipatala chachikulu cha Neno ndi cha Lisungwi pali makiliniki a PEN-Plus, amene Unduna wa Zaumoyo unakhazikitsa pamodzi ndi bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe lakhala likugwira ntchito m'bomali kuyambira 2007. Odwala mtima otere amaonedwa komweko, m'malo moyembekeza ulendo wa ku Queen Elizabeth. Koma vavu yodyeka sibwerera mwakale ndi mapilitsi. Chotchipa ndi kupita ndi mwana kuchipatala tsiku limene wadandaula pakhosi ndipo thupi latentha.

Magazi akatuluka mumtima amalowa mumtsempha waukulu kuposa yonse, wonenepa ngati paipi yothirira dimba. Ameneyo ndi M1 wa m'thupi. Monga pa Zalewa msewu umapatuka wina kulowera ku Mwanza, nawonso umagawika: wina kumutu, wina kumikono, wina ku impso, wina kumiyendo. Ukamagawika umachepa, kuchoka pa tala kufika pa fumbi, kuchoka pa fumbi kufika pa kanjira ka kumunda. Tinjira totsirizato ndi topapatiza moti maselo ofiira amadutsa limodzilimodzi, ena mochita kudzipinda. Ndipo malonda onse amachitikira pamenepo. Pamsewu waukulu palibe amene amatsitsa katundu. Mitsempha ikuluikulu imene timaitchula mwaulemu ndi yongodutsa, koma moyo umaperekedwa pa tinjira topanda dzina. Anthu a boma limene linadulidwa ku Mwanza mu 2003 n'kukhala zaka zambiri likulirira msewu safunika kuwamasulira zimenezi.

Zoti magazi amazungulira n'kubwerera pomwe anachokera sizinadziwike msanga. Kwa zaka zoposa 1,000 asing'anga a ku Ulaya ankaphunzitsa kuti chiwindi chimapanga magazi atsopano nthawi zonse ndipo thupi limangowamwa. M'zaka za m'ma 1200, Ibn al-Nafis, sing'anga wa ku Damascus amene ankagwira ntchito ku Cairo, analemba kuti magazi amachoka kumanja kwa mtima kupita kumanzere kudzera m'mapapo. Mu 1628 William Harvey wa ku England anachita masamu ngati a zigubu aja, naona kuti palibe chiwindi chimene chingapange magazi ochuluka chotero, ndiye kuti ndi omwewo akuzungulira. Tinjira tating'ono tija iye sanatione. Anationa Marcello Malpighi wa ku Italy mu 1661, m'mapapo a chule, Harvey atamwalira kale.

Tsono minibasi yafika pakanjira. Imadziwa bwanji kuti pano atsike angati? Munthu akangokhala, pa okwera anayi amatsika mmodzi yekha, atatu amabwerera nayo ku mapapo. Zimaoneka ngati kuononga mafuta, koma dikirani. Taonani bambo akukankha njinga ya matumba atatu a makala pachitunda, dzuwa la ku Lisungwi lili pamutu. Minofu ya m'miyendo mwake yatentha, yatulutsa mpweya woipa wambiri, yachita asidi. Zinthu zitatu zimenezi zimafooketsa dzanja la himogulobini, ndipo pamenepo amatsika atatu, mwina kuposa. Mnofu umene ukugwira ntchito kwambiri ndi umene umalandira zambiri, popanda kalata, popanda komiti, popanda kudziwana ndi amfumu. Utsi wa pakhomo ndi umene umaimitsa galimoto. Christian Bohr wa ku Copenhagen ndi anzake ndi amene anafotokoza mbali ya mpweya woipawo mu 1904. Ndikanakonda makuponi akanamagawidwa chonchi.

Lole yopita kumudzi sibwerera yopanda kanthu. Kamoto ka m'maselo kamatulutsa utsi wakewake, mpweya wa kaboni dayokosaidi, womwe uja umachita thovu mukatsegula Fanta. Uyenera kutuluka, apo ayi magazi amasanduka asidi. Koma uwu kayendedwe kake n'kosiyana. Wochepa, wosapitirira magawo 10 mwa 100, umangosungunuka ngati mu Fantamo. Magawo 20 kapena kuposerapo pang'ono amakwera himogulobini, koma osati pamipando ya ayironi ija. Amakhala pakeriyala. Wochuluka, pafupifupi magawo 70, umasintha dzina ndi nkhope: ukalowa m'selo lofiira umasakanizidwa ndi madzi n'kusanduka bayikaboneti, amene ndi mtundu umodzi ndi soda wophikira therere. Umayenda choncho m'madzi a magazi, ndipo ukafika ku mapapo umabwerera kukhala mpweya n'kutuluka m'mphuno. Soda wa m'magaziyu ali ndi ntchito inanso, yoletsa magazi kuwawasa, monga amayi amathira soda kuti aphe ukali wa ndiwo.

Anyamata osambira mu Wamkulumadzi akamapikisana kuti akhalitse pansi pa madzi ndani, amaganiza kuti chimene chimawavuula ndi kutha kwa okosijeni. Ayi ndithu. Ndi kuchuluka kwa mpweya woipawu. Ubongo umayeza kwambiri utsi kusiyana ndi mmene umayezera okosijeni, ndipo utsi ukakwera umalamula kuti puma, ufune usafune. Mfundo imeneyi muisunge, tiifunanso.

Ulendo wobwerera kuchoka kumapazi ndi wokwera chitunda, ndipo mphamvu ya mtima imakhala itatha. Chimene chimathandiza ndi akatumba. Mukamayenda amafinya mitsempha, ndipo timavavu ta m'mitsemphamo timakana kuti magazi atsikenso. Amene anakwerapo basi ya ku Joni, masiku awiri miyendo ili yopinda, amadziwa mmene nsapato zimathinira pofika.

Tibwerere pabenchi paja. Tizilombo ta malungo timalowa m'maselo ofiira, timaswana momwemo, kenako timawaphulitsa. Maminibasi akutha pamsewu. Otsalawo ayenera kuthamanga maulendo ambiri, n'chifukwa chake mtima wa mwana ukugunda ngati ng'oma ndipo akupuma mofulumira. M'zikhatho ndi m'zikope mwayera chifukwa chofiiritsa chija chachepa. Kachipangizo kowala kamene amapana nako chala kakhoza kuonetsa 98, ndipo sikananame, chifukwa kamawerenga kuti mwa mipando imene ilipo yadzaza ingati, osati kuti maminibasi atsala angati. Mwana wotere, magazi akachepa kwambiri, chomupulumutsa ndi kumuthira magazi. Kunja kwa thupi, fakitale yopanga magazi kulibe padziko lonse. Botolo lililonse limene Malawi Blood Transfusion Service yatolera chikhazikitsidwire mu 2003 linatuluka pamkono wa munthu, nthawi zambiri mwana wa sekondale, ndipo sukulu zikatsekera nkhokwe zimachepa. Amatenga pafupifupi theka la lita, ndipo mafupa amabwezeretsa m'masabata ochepa.

Chibayo ndi nkhani ina. Maminibasi alipo okwanira, koma siteji yasefukira: timatumba ta m'mapapo tadzaza mafinya ndi madzi, okwera akulephera kufika pachitseko. Apa kachipangizo kaja kamatsika, ndipo kakafika pansi pa 90 wodwala amafunika mpweya wa m'silinda kapena wa pamakina. Tonse tinaphunzira mtengo wa silinda imodzi mu Januwale 2021, pamene Covid-19 inadzaza zipatala ndipo Amalawi wamba anachita kusonkha ndalama zogulira mpweya. Matenda a siko selo ndi vuto la kapangidwe: maselo amapindika ngati chikwakwa n'kutsekereza tinjira, ululu wake wosasimbika. Kuthamanga kwa magazi, BP ija, ndi mjigo wopopa molimbana ndi mapaipi owuma, mpaka tsiku lina paipi ya mu ubongo iphulika kapena kutsekeka, munthu n'kufa ziwalo mbali imodzi.

Pa za kuonjezera magazi ndili ndi mawu ndi azakhali anga onse. Chakumwa sichionjezera magazi chifukwa choti ndi chofiira. Sobo wofiira ndi shuga ndi utoto. Madzi a masamba a mapeyala akhoza kufiira ngati magazi enieniwo, koma mayi wapakati amene akuona chizungulire asasiye mapilitsi a ayironi a kusikelo chifukwa cha iwo. Mipando imapangidwa ndi ayironi, ndipo ayironi ali m'chiwindi, nyama, usipa, nyemba, bonongwe ndi chisoso. Wa m'masamba ndi nyemba thupi limavutika kumutenga, koma vitamini C amamutsegulira chitseko. Nachesi limodzi mutatha kudya nyemba limachita zambiri kuposa kapu ya tiyi, amene amatsekereza ayironi. Manachesi amene timagulitsa pamtengo wolira aja, tizisiyako ena pakhomo. Ndipo kuthira m'chidebe chobooka n'kutaya nthawi: njoka za m'mimba ndi likodzo zimaba magazi tsiku ndi tsiku.

Watsala wokwera mmodzi, ndipo ndi amene wandilembetsa zonsezi. Juni ndi Julayi kumtunda kwa Neno kumazizira mpaka mano kugundana. Banja limalowetsa mbaula m'nyumba, kutseka chitseko, kutsekera nsanza m'mipata ya windo, n'kugona. Makala akamayaka pamalo opanda mphepo yokwanira amatulutsa mpweya wina, kaboni monokosaidi. Ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa, ndipo umatuluka ngakhale makala atayaka bwino osafuka utsi. Ukafika m'mapapo umakwera minibasi n'kukhala pampando weniweni wa okosijeni, ndipo umagwira mpandowo mwamphamvu kuposa okosijeni maulendo oposa 200. Ndi wokwera amene satsika msanga. Choipa china, okosijeni amene wakhala naye mzere umodzi nayenso amakanirira, safuna kutsika pakanjira. Maminibasi akuzungulira odzaza, magazi ali ofiira bwinobwino, koma pakhomo sipakutsika munthu. Ngakhale kachipangizo ka pachala kamapusitsidwa.

Mukukumbukira kuti ubongo umayang'anira utsi wobwerera uja? Umenewo ukutuluka bwinobwino, ndiye belu lochenjeza silimalira. Munthu sabanika. Amangomva mutu kuwawa, chizungulire, nseru, kufooka, ndipo ngati ali m'tulo sadzuka n'komwe. Ana ndi amayi apakati ndi amene amayamba kugonja. M'mawa anthu akathyola chitseko, nkhani imakhala yoti awalodza kapena anadya chiphe, ndipo wina wosalakwa amalozedwa chala, mbaula ili phee pakona.

Mukapeza anthu a m'nyumba imodzi onse akudandaula mutu nthawi imodzi ndipo muli mbaula, musayambe ndi kuwamwetsa mkaka kapena kufunsa kuti anadya chiyani. Tsegulani chitseko ndi mawindo, atulutseni panja, thamangirani nawo kuchipatala, chifukwa mpweya wa m'silinda ndi umene umatsitsa wokwera uja msanga. Ndipo inu a kwa Dambe, a ku Nsambe, a ku Matandani, usiku uno mukatha kuwotha, mbaula ikagone panja. Onjezerani bulangeti.